Opaleshoni ya timabowo pa matenda a m'matumbo: yankho kwa mayi a ku Ngabu

Mayi ena a ku Ngabu andilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 24 watha chaka akutsegula m'mimba mwa magazi, waonda, ndipo adokotala akuganizira matenda otupitsa matumbo otchedwa Crohn. Akufunsa ngati opaleshoni ija yongoboola timabowo, yosang'amba mimba, ingamuchize.

Pepani ndi matendawa, mayi. Opaleshoniyo ilipodi, madokotala amaitcha laparoscopy. Amaboola pamimba malo atatu kapena anayi, bowo lililonse pafupifupi sentimita imodzi, n'kupoperamo mpweya wa carbon dioxide kuti mimba ifufume. Kenako amalowetsa kakamera ndi zida zazitali, n'kumagwira ntchito akuyang'ana pa sikirini. Thumbo lowonongeka amalitulutsira pa kabala kokulirapo pang'ono. Ululu umachepa, munthu amadzuka msanga, ndipo mabala ang'onoang'ono sachita mafinya kawirikawiri.

Koma mkatimo thumbo likudulidwabe. Komanso Crohn sathera pa mpeni: amagwira paliponse kuyambira mkamwa mpaka kotulukira chimbudzi, ndipo amakonda kubwerera pomwe alumikiza thumbo paja. Nchifukwa chake madokotala amayamba ndi mankhwala, opaleshoni n'kuisungira pamene thumbo latsekeka, labooka kapena mankhwala akanika. Matenda anzake, ulcerative colitis, amakhala m'thumbo lalikulu mokha, choncho akalichotsa lonse kutupako kumatha.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi mawu oti "akuganizira". Kuno kuchigwa, munthu wokulira m'madzi a Shire ndi m'minda ya mpunga akamatuluka magazi, pamafunika kuyamba kufufuza likodzo la m'matumbo ndi kamwazi. Ndiye pali TB ya m'matumbo, yomwe imafanana kwambiri ndi Crohn, mpaka kugwira malo amodzimodzi, pomwe thumbo laling'ono limakumana ndi lalikulu. Apa mpoopsa, chifukwa mankhwala a prednisolone amene amaziziritsa Crohn amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndipo TB ikapeza mpata wotere imayaka ngati moto wa lupsa. Chonde musamugulire mankhwalawa pamsika, ngakhale wina akuuzeni kuti iye anamuthandiza.

Pemphani kalata pachipatala cha boma ku Chikwawa, mukwere naye Thabwa mpaka ku Queens ku Blantyre. Akamupime chimbudzi, magazi, HIV ndi TB, ndipo mufunse za colonoscopy, yomwe amalowetsa kamera m'thumbo n'kutapa kanyama kokayeza.

Zikafika pa opaleshoni, afunseni adokotala ngati timabowo tingatheke pa iyeyo. Nthawi zina amayamba ndi timabowo, akapeza matumbo atamatirirana amatsegula mimba, ndipo kumeneko si kulakwitsa. Funsaninso ngati adzavale kathumba kolandirira chimbudzi pamimba. Munthu wa kathumba kochokera ku thumbo laling'ono amataya madzi ndi mchere wambiri, ndiye ndi dzuwa lathu la mu Okutobala, Thanzi ORS asamasowe m'nyumba.