Kodi maphunziro a masiku awiri a ACT ndi mindfulness angamukwanire phungu?

Mayi wina amene wagwira ntchito ya uphungu kwa zaka zingapo wanditumizira imelo. Akuti waona maphunziro a masiku awiri pa intaneti ophunzitsa ACT (Acceptance and Commitment Therapy, njira ya uphungu yothandiza munthu kuvomereza maganizo ake ndi kudzipereka pa zimene amaziona kuti n'zofunika) ndi mindfulness (kuika maganizo pa zimene zikuchitika panopa popanda kuziweruza), ndipo akufunsa ngati satifiketi yake ingamulole kuyamba kuthandiza anthu ndi njirazi.

Mayi, ngati ndalama ilipo kaphunzireni, koma masiku awiriwo muwatenge ngati poyambira chabe. Njira ya ACT anaiyambitsa Steven C. Hayes m'zaka za m'ma 1980, ndipo buku loifotokoza mokwanira, limene analemba pamodzi ndi Kirk Strosahl ndi Kelly Wilson, linatuluka mu 1999. Phata lake ndi lakuti munthu asathere mphamvu zake polimbana ndi maganizo opweteka, koma awapatse malo kwinaku akuchita zinthu zimene iye amaziona kuti n'zofunika pa moyo wake. Wodwala akanena kuti "ndine wolephera", phungu salimbana naye kuti atsimikize ngati zimenezo n'zoona; amamuthandiza kuona kuti amenewo ndi maganizo amene amufikira, kenako amamufunsa chimene angachite lero pa zinthu zimene amazikonda, monga kulera bwino ana ake. Kufotokoza zimenezi n'kosavuta, koma kuzichita pamaso pa munthu amene akulira ndi luso limene limakula pokhapokha mukamayeserera, ndipo wina wodziwa akumvetsera ndi kukukonzani.

Apa ndi pamene ndimada nkhawa kwambiri. Phungu wophunzira mwachidule akhoza kusandutsa kuvomereza kukhala uphungu uja wakuti "pirirani", ndipo mayi amene akumenyedwa kunyumba angabwerere ku nkhanza ali ndi chikhulupiriro chakuti wathandizidwa. Chimene ACT imati tivomereze ndi zimene zikuchitika mumtima, osati nkhanza za munthu wina. Nayonso mindfulness ili ndi mbali yofunika kusamala, chifukwa munthu amene anakumana ndi zoopsa akauzidwa kuti atseke maso ndi kumvetsera kupuma kwake, nthawi zina zokumbukira zimamubwerera mwamphamvu, ndipo phungu ayenera kudziwa kuimitsa ndi kumukhazika mtima pansi.

Pa nkhani ya satifiketi, dziwani kuti bungwe la Association for Contextual Behavioral Science, limene limasonkhanitsa akatswiri a ACT, silipereka chiphaso chotcha munthu phungu wovomerezeka wa njirayi. Limangozindikira aphunzitsi amene anzawo anawaunika, ndipo mayina awo ali pa tsamba lake. Choncho fufuzani ngati dzina la wokuphunzitsaniyo lili pa tsambalo. Ku mbali ya mindfulness njira ndi yotalikirapo. Pulogalamu ya MBSR yochepetsa kupanikizika maganizo pogwiritsa ntchito mindfulness, imene Jon Kabat-Zinn anaiyamba ku Massachusetts m'dziko la America mu 1979, komanso ya MBCT ya Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale yothandiza kuti matenda a kukhumudwa asabwererenso, zonse zimatenga masabata 8, ndipo wofuna kudzaphunzitsa ena amayamba wadutsamo yekha ndi kumachita zimenezo tsiku ndi tsiku. Lamulo limeneli ndimagwirizana nalo kotheratu, pakuti phungu amene sanakhalepo chete ndi nkhawa zake sangamvetse chimene akupempha wodwala kuchita.

Ngati ndalama ndi zochepa, yambani ndi Self-Help Plus ya bungwe la WHO, imene yakhazikika pa ACT, ili ndi magawo 5 ochitira pagulu, ndipo inayesedwa pakati pa amayi othawa kwawo ochokera ku South Sudan amene amakhala kumpoto kwa Uganda. Zolemba zake zimapezeka kwaulere. Musanalipire maphunziro ena aliwonse, funsani ngati muli nthawi yoyeserera muwiriawiri, ngati pali wokuyang'anirani maphunzirowo akatha, ndiponso ngati bungwe limene munalembetsako ntchito yanu lidzawawerengera pa maphunziro opitiriza amene limafuna.