Mwana wanga akupita kuchipululu, ndimugulire mabotolo a malita angati?

Imeloyi inandipeza Lachiwiri usiku ndikutsuka mbale, ndipo ndinaiwerenga manja ali thovu lokhalokha. Yachokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Johannesburg. Mwana wawo wamkazi wa zaka 15 walembetsa ulendo wa kusukulu wokayenda pansi masiku 5 mu Fish River Canyon ku Namibia mwezi wa Ogasiti. Akufunsa kuti amugulire mabotolo a malita angati, komanso ngati n'koyenera n'komwe kumulola.

Amayi, ndikanatha kukuyankhani ndi mizere iwiri. Koma mwandiponda pachilonda, ndiye mupirire nane.

Ine ndinakulira ku Ngabu, ku Chikwawa, kumene mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa. Ndiye mu 2016, a kutchalitchi kwathu kuno ku Cape Town atanena kuti akufuna mzimayi mmodzi woperekeza achinyamata ku Fish River komweko, ndinakweza dzanja mwamatama. Mumtima ndinkati, kutentha kwanji kumene kungandiopse ine mwana wa kuchigwa cha Shire? Komanso Mulanje ndinali nditakwerapo kawiri. Sindinaganize kuti pa Mulanje madzi amachita kukutsatira, ukangoyenda pang'ono wapeza kamtsinje kozizira.

Malowo ndi chigwembe cha makilomita pafupifupi 160 m'litali, malo ena chozama mamita 550. Oyenda pansi amatsikira pafupi ndi Hobas n'kukatulukira ku Ai-Ais, mtunda wa makilomita 85 kapena 90 kutengera njira zachidule zimene mwadulira. Amatsegula kuyambira Meyi mpaka pakati pa Seputembala basi, chifukwa miyezi inayo kutentha kwake n'koopsa ndipo mtsinje umatha kusefukira. Salola ana osakwana zaka 12, salola gulu la anthu osakwana atatu, ndipo aliyense amafunika kalata ya dokotala. Zonsezi tinakwaniritsa, mapepala athu anali bwinobwino. Tinalipo achinyamata 11 ndi akuluakulu atatu, azibambo awiri ndi ine.

Chimene chinandipusitsa choyamba ndi thukuta. Kutentha kwa ku Chikwawa n'kwachilungamo: thukuta umaliona, malaya amamatirira kumsana, thupi limakuuza lokha kuti madzi akutuluka. M'chipululu mpweya ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma lisanaoneke. Umayenda khungu lili gwa, n'kumadziona ngati ngwazi, pomwe thupi likutaya theka la lita, mwina lita yathunthu, pa ola lililonse. Ndinazindikira madzulo a tsiku loyamba nditavula chikwama: m'mene munadutsa malamba munali mizere yoyera, mchere weniweni woti n'kuthira m'ndiwo.

Koma nkhani yanga si imeneyo.

Tsiku lachiwiri ndi lowawa, chifukwa mumangodumpha miyala ikuluikulu ndi kupalasa mchenga, makilomita osayenda. Cha m'ma 2 koloko masana ndinaona mtsikana wina wa zaka 16 akutsalira. Mwana waulemu, woimba kwaya, amene sankandidutsa osanena kuti "wawa anti". Ndinamufunsa ngati ali bwino, anangoti "ndili bwino" osandiyang'ana. Patapita kanthawi anapunthwa pamalo poti panalibe chopunthwitsa. Nditamugwira mkono anandikankha n'kunena kuti, "Tandisiyeni inu!" Pamenepo m'pamene mtima unandigunda, chifukwa ameneyo sanali iyeyo. Milomo inali itasweka, maso atalowa. Ndinasolola botolo lake m'thumba la chikwama. Lodzaza. Lachiwiri, lodzazanso.

Madzi anali nawo, amayi. Malita atatu ali kumsana. Sankamwa.

Tinamugoneka pamthunzi wa thanthwe, ndinanyowetsa chitenje changa padziwe n'kumufunditsa, anzake akumukupiza ndi zipewa. Mwamwayi ndinali ndi mapaketi a Thanzi amene ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, oti ndinangowaponya m'chikwama mwachizolowezi. Ndinasungunula limodzi mu lita imodzi n'kumamumwetsa pang'onopang'ono, kakapu kamodzi, kudikira, kenanso. Foni sigwira m'menemo. Azibambo aja anali atayamba kale kuwerengera mtunda wokafika panjira yotulukira pangozi. Ine ndinkangopemphera chamumtima ndikuganiza za nkhope ya mayi ake, amene anandigwira dzanja pokwera basi n'kuti "mwanayo ndi wanu".

Dzuwa litapendeka anayamba kuyankhula zomveka, ndipo ndinamufunsa tili awiri. Yankho lake limandipwetekabe. Anali asanakodze kuyambira usiku wa dzulo lake, ndipo anasiya dala kumwa kuti asafune kukodza. M'chigwamo malo ambiri mulibe tchire lobisalako, anyamata ali ponseponse, ndipo kuti aimitse gulu lonse n'kunena kuti akufuna kukataya madzi, kunali bwino afe. Ndi mawu ake amenewo. Atsikana ena atatu ataona kuti zaululika anavomera kuti nawonso ankangonyowetsa kukhosi. Usiku umenewo atakodza, mkodzo wake unali ngati tiyi wopanda mkaka, koma ine ndinatsala pang'ono kululutira.

Tsono ndinene mosabisa, ngakhale ena akwiye. Manyaziwa timawaphunzitsa tokha. Mtsikana timamulera kuti za kuchimbudzi sazitchula pagulu, asavutitse akuluakulu, akafunsidwa aziti ali bwino. Mnyamata timamuuza kuti mwamuna salira. Kenako timawatumiza kumalo kumene kukhala chete kumapha, n'kumadabwa. Ndipo atsogoleri a maulendowa, ambiri a iwo anthu abwino ndithu, ali ndi chizolowezi chimene ndimadana nacho: kuima patsogolo n'kufuula kuti "nonse muli bwino?" Ana onse pamodzi, "eee!" Limenelo si funso, ndi kwaya. Palibe mwana wa zaka 15 amene angakweze dzanja pamaso pa anzake n'kunena kuti mutu ukumuwawa ndipo sanakodze chiyambire m'mawa. Ine ndafika poti ulendo wa ana aakazi wopanda mzimayi wamkulu woyenda nawo, wanga sapita, kaya sukuluyo ndi yotchuka bwanji.

Makolofenso tili ndi mlandu wathu. Timathera ndalama pa nsapato zodula ndi chikwama cha dzina, kujambula zithunzi zoika pa Facebook, koma osakhala pansi ndi mwana n'kumuuza kuti mkodzo uziuyang'ana mtundu wake. Mwina n'chifukwa choti nsapato umangolipira, pomwe nkhani inayi imafuna kuti iweyo uyambe wagonjetsa manyazi ako. Mayi anga sakanandiuza zimenezi ngakhale mutawalipira, ndipo ine ndemwe ndinafika tsiku lachiwiri la ulendo ndisanawafunse atsikana aja funso losavutalo.

Ndisanaiwale, palinso mbali ina imene ambiri saidziwa. Zitachitika zimenezi, mmodzi wa azibambo aja anachita mantha n'kuyamba kukakamiza ana kugugudiza madzi ngati mpikisano. Tinakangana. Munthu amene akutaya mchere m'thukuta tsiku lonse, n'kumangothira madzi okhaokha osadya kanthu, mchere wa m'magazi umasungunuka n'kuchepa. Madokotala amati hyponatraemia, ndipo imaphanso. Choipa chake n'chakuti zizindikiro zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi m'thupi: mutu, nseru, kusanza, kubalalika. Ndiye ukamuonjezera madzi ukumukankhira kudzenje. N'chifukwa chake umayamba wafunsa kuti wamwa wochuluka bwanji, wadya chiyani, wakodza liti. Malangizo akuti "imwani madzi ambiri" paokha ndi theka la nkhani.

Ulendowo tinaumaliza tonse, tikunyamuka m'bandakucha, kugona pamthunzi kuyambira cha m'ma 11 mpaka 3 koloko. Tinakhazikitsa lamulo loti pakatha ola lililonse gulu liziima, anyamata kutsogolo atatembenukira uko, atsikana ndi ine kumbuyo kwa chitenje chimene awiri ankachitambasula ngati khoma. Anaseka tsiku loyamba lokha. Ku Ai-Ais kuli akasupe a madzi otentha, ndipo titafika mtsikana uja ndi amene anayamba kudumphiramo.

Tsono malita angati?

Mumugulire zotengera zokwana malita atatu, koma zikhale ziwiri kapena zitatu, chimodzi chikabooka asatsale manja lende. Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye madzi a masiku 5 palibe angasenze. Amatunga mumtsinje, ndipo nyengo imeneyo mtsinjewo malo ambiri umasanduka maiwe, amene amatalikirana nyengo ikamapita kumapeto, makamaka chaka cha chilala. Ogasiti ndi kumapeto. Afunseni aphunzitsi kuti afufuza liti za madzi a chaka chino. Madziwo aziwasefa kapena kuthira mapiritsi a klorini n'kudikira mphindi 30, apo ayi kuwawiritsa, chifukwa kutsegula m'mimba m'chipululu ndi tsoka pa tsoka. Mapiritsiwo awalawe ali kunyumba, ana ena amakana madzi chifukwa cha fungo lokha. Poyenda padzuwa azimwa kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, n'kumatafunako za mchere monga mtedza wokazinga kapena nyama youmitsa ija amati biltong. ORS, monga Thanzi uja, asasowe. Ikatha, masupuni a tiyi 6 osasefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Mkodzo ukhale wotuwira, osati wa tiyi. Mwana akayamba kubwebweta kapena kudzandira thupi lili moto, imeneyo ndi ngozi yeniyeni: amuike m'madzi kapena amuthire thupi lonse nthawi yomweyo, kuitana thandizo kuzichitika akumuziziritsa kale.

Za kumulola, ine ndikanamulola, bola mafunso atatu ayankhidwe pamaso panu: mzimayi woperekeza ndi ndani, foni ya setilaiti anyamula ndani, ndipo amene aziona botolo la mwana aliyense payekhapayekha ndi ndani. Akayamba kuzungulira, mwayankhidwa. Masabata awiri otsala aziyenda masana ndi chikwama chodzaza kuti thupi lizolowere.

Ndipo mumulongedzere chitenje. Chikhale cha thonje, chakale chofewa chija, osati zoterera zamasiku anozi, sizisunga madzi.