Chilala ndi kusefukira kwa madzi muziyese padera

Achimwene, mwafunsa ngati pulogalamu imodzi ya pakompyuta ingawonetse mmene madzi a mumzinda wa Lilongwe angapirire chilala ndi kusefukira komwe. Ine ndinganene kuti ziwirizi muzigwire padera.

Pa chilala, nkhani yagona pa madamu a Kamuzu I ndi II ku Malingunde, omwe amadalira mtsinje wa Lilongwe wochokera ku Dzalanyama. WEAP, pulogalamu yowerengera madzi omwe alipo ndi omwe akufunika, imakwana bwino apa: mumalowetsamo mvula, madzi olowa m'damu, ouma ndi dzuwa, ndi omwe mzinda ukumwa. Muyese chilala ngati cha 2015/16 chitabwera zaka ziwiri motsatizana, muwone mwezi womwe damu lingayambe kutikana. Musaiwale matope. Mitengo ikamatha ku Dzalanyama chifukwa cha makala, dothi limakhazikika pansi pa damu, ndiye pamwamba limaoneka lodzaza pomwe malo a madzi achepa.

Kusefukira n'kwina. Madzi amakhala mbwee koma ofiira, kuwayeretsa kumachedwa, paipi yowoloka mtsinje wa Lingadzi ingakokoloke, magetsi akathima mapampu amaima. Apa gwiritsani ntchito EPANET kapena WNTR, mapulogalamu owonetsa mmene madzi amayendera m'mapaipi: dulani paipi imodzi mu pulogalamuyo, muwone kuti ku Area 25 presha yatsika motani.

Chenjerani pa chinthu chimodzi chokha. EPANET mukaisiya momwe ilili imaganiza kuti aliyense akulandira madzi onse omwe akufuna. Sidziwa za amayi oyala zidebe pa kiyosiki mbandakucha mpopi ukungotulutsa mpweya. Mu EPANET 2.2 sankhani kuti madzi otuluka azidalira presha.