Za Grimspound: pitani, koma nkhungu musaiderere

Achemwali, mwafunsa ngati ku Grimspound, mabwinja a mudzi wakalekale ku England, n'koyenera kupita ndi ana pa holide ino, ndiponso kuti mungawononge zingati. Kulowa ndi ulele, palibe geti ngakhale wodula matikiti. Anzathu akukulozerani ku Stonehenge aja, malo otchuka a miyala ikuluikulu yakale, sakunena kuti kumeneko wamkulu mmodzi amalipira cha m'ma £25 kapena kuposa, n'kukaonera miyala kuseri kwa chingwe.

Ku Grimspound mumalowa m'nyumba mwenimwenimo. Ndi mudzi wa zaka pafupifupi 3,000, pamtunda ku Dartmoor m'dera la Devon, pakati pa Hookney Tor ndi Hameldown. Patsala maziko a nyumba 24 zozungulira mkati mwa mpanda waukulu wa miyala, kamtsinje n'kumadutsa momwemo. Nyumba imodzi anaikonzako amene anakumba malowa mu 1894, ndiye khomo lake likuoneka bwinobwino, lokhota kuti mphepo isamalowe. Ana amalimbirana kukhala pamenepo.

Koma nkhungu ya kumeneko ndiye ayi. Ife tinanyamuka ku Exeter kunja kuli ngwee, tangofika pamwamba inangotsika mwadzidzidzi, mpaka mbali ina ya mpanda osaionanso. Kamwana kanga kanali kavala nsapato zansalu, zinanyoweratu, kulira mpaka kugalimoto. Netiweki ya foni imabwera n'kuchoka, musaidalire kuti ikulondolerani njira. Majekete a mvula ndi nsapato zolimba nyamulani ngakhale mu Ogasiti, ndipo mukaona mitambo ikuda mbali ya kumadzulo, yambanipo kutsika.

Poimika galimoto ndi kamalo kakang'ono m'mbali mwa kamsewu kochokera pa msewu wa B3212, magalimoto ochepa chabe akwana, choncho lawirirani. Kuchoka apo n'kukwera pang'ono panjira ya miyala, ngolo ya mwana isiyeni m'galimoto. Chimbudzi kulibe, sitolo kulibe. Ana athane nazo m'midzi ya Postbridge kapena Widecombe-in-the-Moor musanakwere. Pobwera muwayang'ane m'miyendo ndi m'khosi, nkhupakupa n'zambiri chifukwa nkhosa ndi mahatchi zimadya momwemo.

Anawo muwauzirenso kuti asasunthe kapena kusanja miyala, malowa ndi otetezedwa ndi lamulo ndipo ali m'manja mwa English Heritage, bungwe losamalira malo akale.

Njala ikakupwetekani, nyumba yodyera ya Warren House Inn ili pafupi, mbale imodzi ndi cha m'ma £15. Kwa banja lonse zimakwera msanga, ine ndimangophika mpunga ndi nkhuku kunyumba n'kudyera m'galimoto.