Ma coral a m'thanki yanga akufuna kuwala: ndikongole ndalama?

Funso: Zikomo alangizi. Ndili ndi resitilanti yaing'ono m'tauni ya Zomba. Chaka chatha ndinagula thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere kwa munthu wina yemwe ankabwerera kwawo. Muli nsomba zisanu ndi ma coral angapo, zamoyo za m'nyanja zooneka ngati zomera kapena miyala ya mitundu yowala. Makasitomala amaikonda, ana amaimirira pamenepo mpaka nsima kuzizira. Koma ma coral ayamba kuda, mtundu wake wokongola uja watha. Pamwamba pali machubu anayi a nyale za fluorescent a mtundu wa T5, chilichonse cha 54 watts, omangirira pansi pa chivundikiro chathabwa. Ena akuti ndionjezere machubu awiri, ena akuti ndigule ma reflector. Ndapeza wondikongoza K300,000 kuti ndibweze K390,000 mwezi ukatha. Ndigule chiti? Ndine mayi wa ku Matawale.

Yankho: Mayi, tisanafike pa machubu, wakatapilayo mumuuze lero lomwe kuti mwasintha maganizo. K90,000 pa mwezi umodzi ndi chiwongoladzanja cha 30 pa 100 iliyonse. Tingoyerekeza kuti pa mbale imodzi ya nsima ndi nkhuku mumatsala ndi phindu la K1,500. Ndiye kuti mbale 60 muphikira munthu amene sanasenze nkhuni kapena kutsuka poto. Ndipo thanki siibweretsa ndalama pa tsiku lobweza. Mukalephera mwezi woyamba, ngongoleyo imabereka ina, kenako firiji yanu imatuluka pakhomo anthu akuona. Makalata otere ndawerenga ambiri, ndipo mathero ake amafanana.

Chomwe chikundipweteka n'chakuti mukufuna kukongola kuti mugule kuwala komwe mumalipira kale. Chubu cha fluorescent chimawala mbali zonse, pansi, m'mbali ndi m'mwamba. Pafupifupi theka la kuwalako silikuloza kumadzi, likungomwedwa ndi thabwa lanulo. Reflector ndi kachitsulo ka aluminiyamu konyezimira, kopindidwa ngati ngalande, komwe kamakhala pamwamba pa chubu n'kubweza kuwalako m'madzi. Sikadya magetsi ngakhale pang'ono. Yabwino ndi yoti chubu chilichonse chikhale ndi yakeyake, chifukwa chitsulo chimodzi chafulati pamwamba pa machubu onse chimabwezera kuwala kwambiri pa machubu omwewo.

Onani masamu ake. Machubu anayi ndi 216 watts. Akamayaka maola 10 pa tsiku, ndi mayunitsi awiri ndi kakanthu, pa mwezi pafupifupi 65. Mukaonjezera awiri, mwaonjezera mayunitsi 32 mwezi uliwonse, chaka chonse pafupifupi 390, ndipo theka la kuwala kwatsopanoko likapitanso kuthabwa. Reflector mumagula kamodzi basi.

Ngati ndalama ya ma reflector palibe mwezi uno, pentani mkati mwa chivundikirocho ndi penti yoyera. Si zofanana ndi reflector yeniyeni, koma kusiyana kwake ndi thabwa lakuda mudzakuona ndi maso. Foyilo ya kukhitchini musaikemo: imakwinyika, imadyeka ndi mchere, ndipo tizidutswa take tingagwere m'madzi. Mcherewo ndi mdani wina. Madzi akamathovokera m'mwamba n'kuuma, amasiya mchere woyera pa machubu ndi pagalasi, kuwala n'kumatsekeka. Sabata iliyonse zimitsani pa soketi, dikirani machubu azizire, pukutani ndi kansalu konyowa ndi madzi wamba. Musagwire zamagetsi manja ali ndi madzi amchere, chonde.

Tsopano ndikufunseni. Machubuwo munawasintha liti? Ndikukhulupirira kuti ndi omwe munagula nawo thanki. Chubu chimatha mphamvu chikuyakabe, ndipo osunga ma coral ambiri amasintha pasanathe chaka. Mwina vuto lanu lonse lagona pamenepo. Mukanakhala ndi kope lolembamo za thankiyi, tsikulo mukanaliona. Mukasintha, musawalitse zonse tsiku limodzi, ma coral ozolowera mdima amapsa ndi kuwala kwadzidzidzi. Chepetsani maola poyamba, muzionjezera pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Muyezenso madziwo, chifukwa zakudya zotsalira zikachuluka m'madzi nazonso zimadetsa ma coral, ndipo pamenepo nyale sizithandiza.

Nkhani ya kopeyi ndiyo ndikufuna muigwiritsitse. M'kalata yanu simunanene kuti thankiyi imadya zingati pa mwezi, ndipo ndikudziwa kuti simukudziwa. Madzi a m'nyanja yamchere amafuna pafupifupi magalamu 35 a mchere pa lita, ndipo si mchere wa pamsika, ndi wapadera wochokera kunja. Madzi a ku Chilwa, ngakhale anthu amati ndi amchere, sangalowe m'malo mwake. Pali chakudya cha nsomba, pali pampu yomwe siipuma usana ndi usiku. Ndiye pali hita yotenthetsa madzi. Ma coral amafuna madzi ofunda cha m'ma 25 digiri, ndipo kuzizira kwa Zomba mu Juni ndi Julaye mukukudziwa, chiperoni chikaphimba phiri lonse. Miyezi imeneyo hita ingathe kudya kuposa machubu onse anayi. Zonsezi zikutuluka m'kabati ya resitilanti osalembedwa, monga momwe imatulukira ndalama ya achibale obwera ndi mavuto madzulo, kenako mumadabwa kuti mwagulitsa tsiku lonse koma ya ufa palibe.

Gulani kope la K1,000 kapena lotsikirapo, mulembe pachikuto kuti thanki. Kwa miyezi itatu lembani chilichonse cholowa mmenemo, ndipo muziwerenga mita ya ESCOM m'mawa ndi madzulo. Ndalama ya ma reflector ndi machubu atsopano muisonkhanitse kuchokera pa phindu, kapena kubanki mkhonde ngati muli m'gulu. Manambala akakuonetsani kuti thankiyi ikudya kuposa makasitomala omwe imakoka, gulitsani nsombazo ndi ma coral, muikemo mbuna za m'nyanja ya Malawi zogula kwa ogulitsa ovomerezeka. Mbuna ndi za madzi opanda mchere, sizifuna kuwala kwamphamvu, ndipo anthu a ku Germany ndi Japan amalipira ndalama zambiri kuti azione m'nyumba zawo. Ana aja adzaimirirabe pagalasi.