Kodi n'kulakwa kuseka powerenga Macbeth?

Mtsikana wina wa Folomu 4 wandilembera pa imelo kuti m'kalasi mwawo akuwerenga sewero la Macbeth, lolembedwa ndi William Shakespeare, ndipo atafika pamene mlonda wa pachipata akubwebweta ndi mowa, anafa nalo phwete mpaka anzake anamuyang'ana ngati waseka pasiwa. Iye akufuna kudziwa ngati analakwa kuseka sewero lachisoni chotere.

Achemwali, simunalakwe ngakhale pang'ono, chifukwa mlembi anamuika dala mlondayo kuti anthu aseke. Sewerolo linalembedwa cha m'ma 1606, pamene anthu wamba a ku London ankalipira kobiri imodzi n'kuonera masewero ali chiimire pabwalo la Globe, ndipo anthu oterowo sakanapirira maola awiri a magazi okhaokha popanda popumira.

Komabe taonani malo amene nthabwalayo yaikidwa. Mfumu Duncan yangophedwa kumene m'tulo, Macbeth ndi mkazi wake athamangira kukasamba magazi m'manja, ndipo kunja munthu akugogoda mosalekeza. Mlonda uja akudzuka ndi matsire, n'kumayerekeza kuti akulondera chipata cha ku gehena, akulandira mlimi wodzimangirira, munthu wa malirime awiri ndiponso telala wakuba nsalu. Iye akungocheza, koma ife oonera tikudziwa kuti nyumbayo yasandukadi gehena usiku womwewo, choncho timaseka mtima uli phaphapha. Ngakhale munthu wa malirime awiriyo sanatchulidwe mwangozi, pakuti akatswiri ambiri amati ankanena za wansembe Henry Garnet, amene anazengedwa mlandu mu 1606 pa chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu 1605, ndipo ankadziwika ndi mayankho okhotakhota. Macbeth nayenso, chitseko chikangotsegulidwa, ayamba kulankhula ndi malirime awiri pamaso pa Macduff, nduna ya mfumu imene imagogoda ija.

Ine zimenezi ndinazimvetsa bwino tsiku lina kumanda kwathu, osati m'kalasi. Adzukulu anali m'dzenje ndi makasu awo, thukuta lili kamukamu, akuseka mnzawo amene anathyola mpini, pamene kumudzi amayi anali kulira mokweza. Palibe anawadzudzula, popeza tonse timadziwa kuti ntchito yolemera ngati imeneyo imafuna nthabwala kuti munthu aimalize, ndipo kuseka kwawo sikunachepetse ulemu wa malemu. Shakespeare ankadziwa zomwezi, n'chifukwa chake m'sewero la Hamlet anaika okumba manda akuimba ndi kuponyerana ndagi pamene akukonza manda a Ophelia, Hamlet asanadziwe n'komwe kuti woikidwayo ndi wokondedwa wake.

Pempho langa n'lakuti mubwerere ku chigawo chachiwiri, chithunzi chachitatu, ndipo muwerenge mokweza mawu a mlondayo, mnzanu wina akugogoda padesiki nthawi iliyonse imene bukulo likunena za kugogoda. Mumvetsere pamene kuseka kwa m'kalasi kudzathere, pakuti patangopita mizere yochepa Macduff alowa kukadzutsa mfumu, n'kutuluka akufuula kuti waona zoopsa zosaneneka.