Mafunso Anu: Kupepukitsa zithunzi ndi kukhoma imelo

Akonzi, ndimajambula zithunzi za zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Mzuzu. Chithunzi chimodzi chimalemera 8 MB, ndipo zikapitirira zitatu Gmail imakana kuzinyamula. Ndikatumiza pa WhatsApp, eni ake akakasindikiza nkhope zimatuluka mbuu. Kodi ndingazichepetse bwanji osaziwononga?
Wojambula, Chibavi

Bambo, kuchepetsa fayilo kuli pawiri. Kwina sikutaya kanthu: kadontho kalikonse ka chithunzi kamabwerera mmene kanalili fayilo ikatsegulidwa. PNG imagwira ntchito motere, ZIP nayonso, ndipo WebP ya Google ili ndi njira yomweyo. Kwinaku kumataya zina mwadala, zimene diso silizindikira msanga, ndipo JPEG ya m'kamera yanu ndi ya mtundu umenewu. Kamera inaifinya kale pamene munkajambula.

N'chifukwa chake kuika JPEG mu ZIP sikuphula kanthu. Kuisandutsa PNG ndiye kulakwitsa kwenikweni, chifukwa fayilo imanenepa kangapo koma zimene zinatayika sizibwerera. Mapulogalamu aulere a jpegtran ndi jpegoptim amatha kusanja bwino zamkati mwa JPEG osakhudza kadontho n'kamodzi komwe, n'kuchotsanso zolembedwa zobisika za EXIF, monga tsiku, mtundu wa kamera ndi malo a GPS. Koma amangopungula pang'ono. 8 MB siingafike pa 1 MB mwa njira imeneyo.

Chimene chingakuthandizeni n'kufunsa kasitomala kukula kwa chithunzi chimene akufuna kusindikiza. Osindikiza amafuna madontho 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi cha mu alubamu cha mainchi 6 ndi 4 chimakwanira ndi madontho 1800 ndi 1200. Cha pepala la A4 chimafuna 3508 ndi 2480. Kamera ya 24 MP (madontho 24 miliyoni) imatulutsa 6000 ndi 4000, zokwanira chithunzi cha pakhoma cha mainchi 20 m'litali. Kutumiza zonsezo kwa munthu wofuna ka mu alubamu n'kungomuthera bandulo.

Ndiye chitani chonchi. Koperani chithunzi, choyambiriracho chikhale padera osachikhudza. Tsegulani kopeyo mu Squoosh, pulogalamu ya pa intaneti yochepetsera zithunzi, imene imagwira ntchito pa kompyuta kapena foni yanu yomweyo osakweza chithunzi kwina. Chepetsani madontho kufika pa muyezo wofunika, sankhani MozJPEG (njira yofinyira JPEG), muike quality pa 85. Musanasunge, kuzani chithunzi pa 100% n'kuyang'ana malo ovuta: lesi ya velo la mkwatibwi, timizere ta chitenje cha anamkungwi, zilembo za pa keke, ndi thambo lopanda mitambo. JPEG imadula chithunzi m'timabwalo ta madontho 8 ndi 8, ndipo mukafinya mopitirira timabwaloto timayamba kuoneka pamalo amenewa, makamaka pa nkhope zimene zili mu mthunzi. Mukationa, kwezani nambala ija kufika pa 90.

Sungani kamodzi kokha. JPEG ikasinthidwa n'kusungidwanso imatayanso zina, ndipo ikadutsa m'manja atatu imakhala yatha. Mukafuna kukonza kuwala kapena kudula m'mbali, bwererani ku choyambirira chija.

Pa WhatsApp, sankhani Document m'malo mwa Gallery. Fayilo idzafika ndi kulemera kwake konse. Pa Gmail malire ndi 25 MB, ndipo zikapitirira zimaikidwa pa Google Drive n'kutumizidwa ngati linki. Dziwaninso kuti fayilo ikalowa mu imelo imafufuma ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, kotero imelo ya ku ofesi ya malire otsika ingathe kukubwezerani.

Akonzi, ndine mlembi pa kabungwe kobwereketsa ndalama. Mwezi uliwonse ndimatumiza ku likulu mndandanda wa ngongole ndi zithunzi za ziphaso za unzika za mamembala. Mnzanga akuti Gmail ndi yokhoma kale. Ndi zoona?
Mlembi, Katoto

Mayi, mwachita bwino kufunsa, chifukwa chiphaso cha munthu chikagwera m'manja mwa mbava amavutika ndi mwini wake, amene anakupatsani pokukhulupirirani. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limapatsanso udindo aliyense wosunga zinthu zoterezi kuti aziteteze.

Mnzanuyo wanena zoona theka. Gmail imagwiritsa ntchito TLS, imene imabisa kalata ili pa ulendo, bola mbali inayo ikhale nayonso; ikasowa, mumaona kaloko kofiira kotseguka. Koma kalata ikafika imakhala poyera m'bokosi la wolandira ndi mu Sent yanu. Wotola foni yosakhoma kapena woba pasiwedi amawerenga zonse. Confidential mode ya Gmail imaletsa wolandira kutumiza kalata kwa ena ndi kukopera. Koma siibisa kalata kwa Google, ndipo wolandira angathe kujambula sikirini.

Njira imene mungayambe nayo mawa ndi 7-Zip, pulogalamu yaulere yolongedza ndi kukhoma mafayilo. Ikani mafayilo mu foda imodzi, sankhani Add to archive, mtundu ukhale 7z, pamene njira yobisira ndi AES-256. Chongani Encrypt file names, apo ayi mayina a mamembala amene ali pa mafayilo adzaoneka ngakhale zamkati zili zokhoma. Ngati ku likulu amafuna zip, sinthani ZipCrypto muike AES-256, chifukwa ZipCrypto ndi yakale ndipo imathyoledwa. Pasiwedi ikhale mawu asanu kapena kuposa osagwirizana, osati dzina la bungwe ndi chaka. Ndipo isayende mu imelo yomweyo kapena yotsatira: imbani foni muwauze pakamwa. Ambiri amagwera pamenepa.

Zithunzi za ziphasozo muzichepetse musanakhome. Fayilo yobisidwa imaoneka ngati manambala osokonekera, ndipo palibe pulogalamu ingaifinyenso.

Popeza mumatumiza mwezi ndi mwezi kwa anthu omwewo, ganizirani OpenPGP, njira yobisira makalata a imelo yochokera ku PGP imene Phil Zimmermann anatulutsa mu 1991. Thunderbird, pulogalamu yotumizira ndi kulandirira imelo, ili nayo mkati kuyambira pa mtundu wa 78 wa mu 2020. Aliyense amapanga makiyi awiri: wogawa, amene anzake amakhomera makalata opita kwa iye, ndi wachinsinsi, amene amatsegulira. Mukalandira kiyi wa ku likulu, imbiranani muwerengerane fingerprint yake, zilembo ndi manambala 40, kuti mutsimikize kuti palibe wasinthanitsa. Dzina la wotumiza, la wolandira ndi nthawi zimaonekabe, ndipo mutu wa kalata si mapulogalamu onse amaubisa, choncho musalembemo dzina la membala.

Kiyi wachinsinsi mumukopere pa fulashi n'kuikhomera mu kabati ya ofesi. Kompyuta ikapsa ndi magetsi kiyiyo alibe kope, makalata onse amene munalandira sadzatsegukanso, ngakhale mutaitana katswiri wotani.